MLONDA WA BATIRE: ZOMWE NDIDAPHUNZIRA PA NKAYA

Anzanga ambiri pano pasukulu mukamva dzina loti Nkaya mumangoganiza za sitima. Simulakwa ayi. Pa Nkaya, m'boma la Balaka, ndi pomwe njanji yochokera ku Limbe kupita ku Salima imakumana ndi njanji yolowera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique. Njanji ya ku Nayuchiyi idatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo masiku ano sitima zitalizitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize zimadutsa pomwepo kupita kudoko la Nacala. Kale dera lonseli lidali m'boma la Machinga, kufikira m'chaka cha 1998 pomwe Balaka lidakhala boma palokha. Koma lero sindikamba za sitima. Ndikamba za kabokosi koyera, kakang'ono ngati sopo wosambira, komwe ine ndi amalume anga tidakhoma m'golosale yawo pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti.

Nkhani yake idayamba motere. Amalume ali ndi golosale ya chipinda chimodzi, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda kosungiramo matumba a chimanga. Usiku wina m'mwezi wa Juni akuba adaboola khoma lakumbuyo, nachotsa njerwa imodziimodzi mpaka bowo lokwana munthu. Adatenga shuga, mafuta ophikira, sopo ndi matumba atatu a chimanga. Loko wapachitseko sadamukhudze nkomwe. Galu sadauwe. Amalume adali mtulo m'nyumba yawo, mtunda wosapitirira mapazi makumi atatu kuchokera pagolosalepo, ndipo adadziwa kutacha. Mwa ndalama zomwe zidatayika usiku umenewo mudali za fizi ya msuweni wanga, choncho musaganize kuti nkhaniyi ndi yamasewera.

Kulemba mlonda kudawakanika chifukwa malipiro ake akadadya phindu lonse la golosale. Tsono atapita ku Limbe kukaoda katundu adagula alamu yopanda waya. M'katoni mwake mudali bokosi lalikulu lokhala ndi mabatani a manambala, masensa awiri, kamaginito kapachitseko, sayirini, marimoti awiri ndi kapepala ka malangizo kolembedwa m'Chingerezi chosalongosoka, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Nditafika kutchuthi adandipatsa katoniyo nati, "Mphwanga, iwe ndiye umaphunzira sayansi. Tawerenga umu utiuze chochita." Ndidavomera mwamantha, pakuti kunena zoona ndidali ndisadagwirepo chipangizo chotere. Zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndidawerenga, zomwe ndidafunsa, ndi zomwe ndidaphunzira polakwitsa.

Choyamba tidziwe chomwe sensa imaona. Mayi wina woyandikana nafe atakaona kabokosiko adafunda chitenje kumutu, ati asajambulidwe. Ambiri amaganiza choncho, kuti ndi kamera. Si kamera. Sensa yamtunduwu sidziwa nkhope, sidziwa mtundu wa malaya, ndipo siimva phokoso. Chomwe imamva ndi kutentha.

Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kwina komwe maso athu sangathe kukuona. Mukaimika dzanja pambali pa mbaula, osati pamwamba pake, mumamva kutentha kukufika pakhungu ngakhale mphepo ikuwombera kwina. Mukadutsa pafupi ndi khoma la njerwa dzuwa litangolowa kumene, mumamva khomalo likukuwotchani patsaya. Kuwala kosaonekako kumatchedwa infrared. Adakutulukira ndi William Herschel, katswiri wa zakuthambo wa ku England, m'chaka cha 1800. Iyeyu adadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, lomwe ife timaliona m'labu, kuwalako nikugawika mitundu yonga ya utawaleza. Kenaka adayika choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Chomwe chidamudabwitsa nchakuti atachiyika kupitirira pang'ono mtundu wofiira, pamalo pooneka ngati palibe kuwala kulikonse, choyezeracho chidakwera kuposa pena paliponse. Apo ndi pomwe adazindikira kuti pali kuwala komwe diso silikuona.

Thupi la munthu mkati mwake limatentha pafupifupi madigiri 37, ndipo khungu lake limacheperapo pang'ono. Ndiye kuti kwa chinthu chotha kuona infrared, munthu woyenda mumdima amawala ngati nyali. Nsato imadziwa zimenezi kuyambira kale. Ili ndi timaenje m'milomo mwake tomwe timamva kufunda kwa nyama ngakhale usiku wopanda mwezi. Sensa ndi nsato ya pakhoma. Pakatoni pamalembedwa zilembo zitatu, PIR, zomwe zikuimira mawu a Chingerezi oti passive infrared. Liwu loyambalo likutanthauza kuti kachipangizoka sikatulutsa kuwala kwake kapena cheza chilichonse, kamangolandira komwe kukubwera. Ndikunena izi chifukwa azakhali anga adaopa kuti kadwalitsa mwana. Sikangatero.

Tsono funso nali. Ngati chinthu chilichonse chofunda chimawala, nanga bwanji alamu siilira tsiku lonse chifukwa cha makoma, malata ndi matumba a chimanga? Yankho lake ndi lomwe lidandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi. Mkati mwa sensa muli timiyala tiwiri tapadera, toyandikana, tomwe timatulutsa kamphamvu ka magetsi kutentha kogwera pa ito kukasintha. Timiyala tiwiriti adatilumikiza motsutsana. Taganizani za sikelo ya mbale ziwiri yomwe amayezera nyama pamsika. Mukathira mchenga wofanana m'mbale zonse ziwiri, sikeloyo siigwedezeka ngakhale mchengawo uchuluke bwanji. Koma mukaponya kamwala m'mbale imodzi, pompo imapendekeka. Chimodzimodzi sensa. Chipinda chonse chikamafunda pang'onopang'ono dzuwa likamakwera, timiyala tonse tiwiri timalandira kutentha kofanana, ndipo palibe chochitika. Koma munthu akadutsa, kufunda kwake kumayamba kugwera pa kamwala kamodzi kenaka pa kanzake, sikelo nkupendekera uku ndi uko. Kupendekeka kumeneko ndiye chizindikiro chomwe sensa imadikira.

Kutsogolo kwa kabokosiko kuli kazenera kapulasitiki koyererako, kokhala ndi timizere ndi timabwalo. Ndidayamba kukayesa chokongoletsera. Kazenera kameneka ndi magalasi aang'onoang'ono ambiri ophatikizana, opangidwa motsatira nzeru ya Augustin Fresnel wa ku France, yemwe zaka za m'ma 1820 adakonza galasi lopyapyala la nsanja zounikira zombo panyanja. Ntchito ya kazeneraka ndi kugawa chipinda m'timagawo. Tambasulani zala za dzanja lanu kutsogolo: zalazo ndi malo omwe sensa ikuyang'ana, ndipo mipata yapakati ndi malo omwe sikuyang'ana. Munthu woyenda modutsa zalazo amalowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka, ndipo sensa imamugwira msanga. Koma woyenda molunjika kumene kuli sensa amatsata chala chimodzi, ndipo angathe kuyandikira ndithu asadagwidwe. Munthu wongoima chilili osagwedezeka samveka konse. Chinanso, infrared yotuluka m'thupi la munthu siidutsa galasi wamba lapazenera. Sensa yoyikidwa m'nyumba kuyang'ana kubwalo kudzera pagalasi ndi yakhungu, ngakhale inu mukuona bwinobwino munthu akuzungulira panja.

Apa ndi pomwe tidasemphana maganizo ndi amalume. Iwo adafuna kuti sensa iyang'anizane ndi chitseko, maso ndi maso. Ine ndidawapempha mwaulemu kuti tiyiike pangodya, kuti wolowa pachitseko adutse chopingasa. Ndidawakumbutsanso kuti akuba aja sadalowere pachitseko. Kamaginito kapachitseko kamalira pokhapokha chitseko chikatsegulidwa, ndipo usiku wa mu Juni uja kakadangokhala chete. Sensa yapangodya imayang'ana pafupifupi chipinda chonse, kaya munthu walowera pakhoma, pazenera kapena padenga. Adakhala phee kanthawi, kenaka adati, "Chabwino, tiyeni tione nzeru za kusukuluzo."

Masensa ambiri a m'nyumba amaona mtunda wa mamita 10 mpaka 12, ndipo kutambalala kwa maso ake kumakhala madigiri 90 kapena kuposerapo pang'ono, zomwe zimakwanira bwino pangodya ya chipinda. Amafuna kukhomedwa pamtunda wa mamita awiri kapena kupitirira pang'ono kuchokera pansi. Mukatsitsa kwambiri, mashelefu ndi kauntala zimaitchinga. Mukakweza kwambiri, imayang'ana pamwamba pa mitu ya anthu. Isayang'ane zenera lolowa dzuwa lam'mawa kapena nyali za galimoto, isakhale pamwamba pa mbaula kapena kuseri kwa firiji komwe kumatuluka mpweya wotentha, ndipo katani yowuluka ndi mphepo isakhale patsogolo pake. Ndiwonjezepo china chomwe sichidalembedwe m'kapepala kaja, koma ndi chofunika kwa ife okhala m'mbali mwa njanji. Sitima ya malasha ikamadutsa nthaka imanjenjemera, ndipo mabotolo pashelefu amachita kulira. Sensa siimva kunjenjemerako, koma ikakhala yokhwepa pakhoma imagwedezeka, ndipo kwa iyo chipinda chonse chimaoneka ngati chikuyenda. Tsono musaipachike pa msomali ngati kalendala. Boolani khoma, lowetsani timapulagi, mangani ndi masikuluwu awiri mpaka ilimbe gwa.

Koma musathamangire kuboola. Poyamba sensa iliyonse iyenera kudziwana ndi bokosi lalikulu. Mumadina batani pabokosipo kuti lidikire, kenaka mumagwedeza dzanja patsogolo pa sensa kuti itumize chizindikiro chake, bokosi nkulira kamodzi kusonyeza kuti laisunga. Chitani zimenezi zonse zili patebulo limodzi, ndipo sensa iliyonse ipatseni nambala yake: wani ya m'golosale, thuu ya kuchipinda cha chimanga. Nambalazi zimathandiza usiku, pakuti bokosi limasonyeza kumene kwalowa munthu, ndipo simuthamangira kolakwika.

Mawu oti yopanda waya akutanthauza kuti sensa imalankhula ndi bokosi pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Ma alamu ambiri otsika mtengo amagwiritsa ntchito 433 MHz, pomwe mawailesi a FM omwe timamvera ali pakati pa 88 ndi 108 MHz. Pakatoni pangalembedwe kuti chizindikiro chimafika mamita 100, koma amenewo ndi mamita a pabwalo la mpira popanda chotchinga. Khoma lililonse la njerwa zootcha limadyapo mphamvu, ndipo chitsulo ndiye mdani weniweni: malata, chitseko chachitsulo, firiji, ngakhale trangi yosungiramo zovala. Amalume adafuna kubisa bokosi lalikulu pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata. Titayesa, sensa ya kuchipinda cha chimanga idamveka kawiri kokha pa maulendo asanu. Titalitsitsira pakati pa khoma la kuchipinda chawo chogona, mbali yoyang'ana kugolosale, idamveka kasanu konse. Njira yake ndi yosavuta. Wina agwirizire sensa ndi dzanja pamalo pomwe mukufuna kuikhoma, wina ayende patsogolo pake, wachitatu aime pabokosi nkumakuwa ngati lamva. Pakatheka kasanu motsatizana, boolani. Bokosi lalikululo lisakhale pafupi ndi khomo, poti wakuba akaliona amayamba kuliphwanya ilo.

Tsopano ndifike pa kuyesa, komwe ndi theka la ntchito yonse ngakhale anthu ambiri amakudumpha. Ndiyambe ndi manyazi anga. Titamaliza kukhoma sensa yoyamba ndidadutsa patsogolo pake, kanyali kofiira nkuyaka. Ndidakondwa. Ndidaitana amalume kuti adzaone, nkudutsanso. Zii. Ndidadutsa kachitatu, ndidavina, ndidakupiza manja, koma kanyali osayaka. Amalume adayamba kale kuwerengera ndalama ya basi yobwezera katunduyo ku Limbe. Thukuta lili kamukamu ndidabwerera ku kapepala kaja, ndipo m'munsi mwenimweni ndidapeza yankho. Pofuna kusunga batire, masensa ambiri opanda waya akatumiza chizindikiro kamodzi amagona kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo ena sadzuka mpaka m'chipinda mutakhala bata. Kuvina kwanga kuja ndi komwe kumaigoneka. Mkati mwa sensa mumakhala kabatani kapena kaswitchi koyesera, komwe kamaichititsa kuyaka paulendo uliwonse kwa mphindi zingapo. Safunsa adadya phula: werengani kapepalako mpaka kumapeto.

Mukayika sensa pa nthawi yoyesera, tulukani m'chipindamo kwa mphindi imodzi kuti izolowere, kenaka lowani ndi khala m'manja. Yendani pang'onopang'ono monga ayendera wakuba, osati monga wothamangira belu la chakudya. Paliponse pomwe kanyali kayaka lembani mzere pansi. Yambirani pachitseko, kenaka pazenera, kenaka m'mbali mwa khoma lililonse. Pomaliza mudzakhala ndi mapu a malo omwe mlonda wanu akuona ndi omwe sakuona. Ife tidapeza malo awiri akhungu. Oyamba adali pansi penipeni pa sensayo, pomwe munthu angathe kuima osaoneka. Achiwiri adali kuseri kwa mulu wa matumba a chimanga, ndipo mwatsoka ndi mbali yomweyo yomwe akuba adaboola. Infrared siidutsa thumba la chimanga. Tidasamutsa matumba onse kuwayika kukhoma lina, ntchito yomwe idatidyera masana athunthu.

Msuweni wanga wamng'ono, wa Sitandade 6, ndiye adatulukira yeso lomwe ine sindidaliganize. Adati, "Achimwene, wolowera pabowo sayenda choimirira, amakwawa." Adagona chafufumimba nayamba kukwawa kuchokera pomwe padali bowo paja, ndipo adafika pakati pa chipinda kanyali kasadayake. Tidaweramitsa sensa pang'ono kuti iyang'ane pansi, iye nakwawanso, ndipo ulendo uno idamugwira asadasunthe mita imodzi. Malaya ake adada bii, koma adagona monyadira usiku umenewo.

Kuyaka kwa kanyali sikutanthauza kuti alamu yonse ikugwira ntchito. Pali unyolo wa zinthu zinayi: sensa ione, bokosi limve, sayirini ilire, foni iitane. Bokosi lathu lili ndi malo a simu khadi, ndipo alamu ikalira limaimba kapena kutumiza uthenga ku manambala omwe mwalisungitsa. Simu ya Airtel kapena ya TNM imagwira, koma sankhani yomwe netiweki yake ili yamphamvu panyumba panupo, osati yomwe mumaikonda. Kuyambira m'chaka cha 2018 simu iliyonse m'dziko muno iyenera kulembetsedwa, ndiye konzekerani chiphaso. Simuyo imafunanso mayunitsi, ndipo ikakhala miyezi yambiri osagwira ntchito imatsekedwa mwakachetechete inu osadziwa. Tsono chenjezani anansi anu, tcherani alamu ndi rimoti, dikirani masekondi omwe bokosi limakupatsani kuti mutuluke, lowani ngati wakuba, ndipo onetsetsani kuti zonse zinayi zachitika. Mukatha, zimitsani magetsi nkubwerezanso. Tonse tikukumbukira mdima womwe udagwa namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022. Wakuba amakonda usiku wotero. Masensa ali ndi mabatire awo, koma bokosi lalikulu limadalira magetsi a ESCOM kapena sola, ndipo kabatire kake kamkati kamangolisunga maola owerengeka. Dziwani kuti ndi maola angati poyesa nokha masana, osadikira kudzadziwa usiku.

Ndikadakonda kunena kuti zonse zidathera pomwepo. Ayi ndithu. Usiku wachiwiri, cha m'ma 1 koloko, sayirini idalira. Anansi adatuluka ndi zibonga ndi matochi, ena osavala malaya. Tidatsegula golosale, osapezamo munthu. Usiku wachitatu idaliranso, ndipo adabwera anthu anayi okha. Usiku wachisanu adangobwera bambo mmodzi wachikulire, nati kwa amalume, "Achimwene, chidole chanucho chikatisowetsa tulo tidzachiponya mu Shire." Anthu adaseka kutacha, koma ine sindidaseke. Ndidaona kuti alamu yonama ndi yoopsa kuposa kukhala opanda alamu, chifukwa tsiku lomwe idzanene zoona palibe adzadzuke.

Bokosi limasonyeza nambala thuu nthawi zonse, ndiye tidadziwa kuti vuto lili kuchipinda cha chimanga. Ndidawaza ufa pang'ono pansi ndi pamwamba pa matumba, ndipo m'mawa tidapeza mapazi a mphaka. Amalowera pampata wa pakati pa khoma ndi malata kudzasaka makoswe, nkumadumphira pa matumba omwe tidawaunjika mpaka kufupi ndi sensa. Apa pali phunziro lina la sayansi. Sensa siidziwa kukula kwenikweni kwa chinthu, imangodziwa kuchuluka kwa malo omwe chinthucho chatenga m'maso mwake. Mphaka ali pa theka la mita amaoneka wamkulu kuposa munthu ali kutali mamita asanu ndi atatu. Ngakhale mphemvu yoyenda pa kazenera kaja, kapena yolowa mkati mwa kabokosi, ingathe kuliza alamu. Alipo masensa olembedwa kuti salabadira ziweto zolemera mpaka makilogalamu 20 kapena 25, koma lonjezo limenelo limagwira chiweto chikamayenda pansi, osati chikakwera pa matumba. Tidatseka mpata uja ndi waya wa nkhuku, tidachepetsa mulu wa matumba, ndipo tidamata timabowo takuseri kwa sensa. Kuyambira pamenepo idakhala chete.

Wina adafunsa ngati angayike sensa yotere m'khola la mbuzi, poti kuba mbuzi ndi dandaulo la ambiri kwathuko. Ndidamuuza kuti mbuzi nazo ndi zofunda ndipo sizigona malo amodzi, ndiye alamu ingalire mpaka mbandakucha. Kukhola kumayenera kamaginito kapachitseko, kapena sensa yopangidwira panja yoyang'ana njira yobwerera kukholako, msana wake uli kwa mbuzi. Sensa ya m'nyumba siipirira mvula ndi dzuwa. Nyali za sola zoyaka zokha munthu akadutsa, zomwe zadzaza m'misika masiku ano, zili ndi sensa yamtundu womwewu, ndipo zonse zomwe ndanena za kudutsa chopingasa ndi kutalika kwa pokhoma zimagwiranso ntchito pa izo.

Chomaliza chomwe ndidaphunzira chidadza mochedwa, ndipo ndi chomwe chidandichititsa kulemba nkhaniyi. Mapu athu a makala tidajambula mu Ogasiti, nyengo ikadali yozizirako. Amene mudakhalapo ku Balaka mukudziwa momwe kumatenthera kuyambira Okutobala, makamaka kutsikira ku Shire. Nditabwereranso pa tchuthi cha Khirisimasi ndidayesanso sensa ya m'golosale madzulo a tsiku lina lotentha kwambiri, titangotseka. Pomwe mu Ogasiti imandigwira ndili kukhoma lakutali, tsopano ndidayenda mpaka pakati pa chipinda isadandimve. Poyamba ndidaganiza kuti batire yatha, koma titasintha padalibe kusiyana. Kenaka ndidakumbukira sikelo ija. Sensa siiyeza kutentha kwa munthu pakokha, imayeza kusiyana kwa pakati pa munthu ndi zomwe zili kumbuyo kwake. Khoma likazizira, munthu amaoneka ngati nyali mumdima. Koma khoma la njerwa lomwe lamwa dzuwa tsiku lonse pansi pa malata limafunda pafupifupi ngati khungu ndi zovala za munthu, ndipo nyali ija imakhala ngati yayatsidwa masana. Ndidayesanso m'bandakucha makoma atazizira, ndipo idandigwira patali monga kale.

Masensa odula amakhala ndi nzeru yodziwonjezera mphamvu kukatentha, ndipo ena amaphatikiza infrared ndi mafunde a microwave omwe amagunda chinthu choyenda nkubwerera, osadalira kutentha. Athu si otero. Chomwe tidachita ndi kutsegula kabokosi nkusuntha kaswitchi ka mphamvu kuchoka pakati kupita pamwamba, ndi kusendeza kabokosi ka ndalama ndi katundu wodula kuti zikhale m'dera lomwe sensa imaona ngakhale kutatentha. Nyengo yozizira ikafika adzabweza kaswitchiko pakati, kuopa kuti ingayambenso kulirira makoswe. Kapepala ka malangizo kadalembedwa ndi anthu omwe sadagonepo pa Nkaya mu Novembala, choncho yesani alamu yanu m'nyengo iliyonse.

Za mabatire ndingonena mwachidule. Masensa ena amadya mabatire a tochi aang'ono, ena a 9V, ena a lithium a 3V omwe sapezeka m'magolosale akumudzi, ndiye funsani musadagule. Ma alamu otsika mtengo ambiri sadziwa kuti sensa yawo yafa. Bokosi limangoona kuti kuli chete nkumayesa kuti kuli mtendere.

Pali funso lomwe kabokosi sikangayankhe: alamu ikalira, ndani achite chiyani? Sensa siigwira wakuba, imangodzutsa anthu. Amalume adakhala pansi ndi anansi awo ndi a chitetezo cha m'mudzi nagwirizana kuti sayirini ikalira palibe wotuluka yekha, kuti ayambe aimbirana foni ndi kuyatsa nyali, ndipo kuti wogwidwa aperekedwe kupolisi ali wamoyo ndi wosavulazidwa. Mfundo yomalizayi ndidaiumirira ine, ngakhale ena adandiyang'ana ngati mwana wosadziwa kuwawa kwa kuberedwa. Timamva za anthu omenyedwa mpaka kufa, ena kutenthedwa, chifukwa cha mbuzi imodzi, ndipo nthawi zina amakhala osalakwa. Ndidaona ndi maso anga kuti kachipangizoka sikasiyanitsa wakuba ndi mphaka. Sikangasiyanitsenso wakuba ndi woledzera wosochera, kapena ndi mwana wa eni nyumba yemwe waiwala kuzimitsa alamu. Sindidafune kuti chinthu chomwe ndidakhoma ndi manja anga chidzaitanire munthu imfa.

Pochoka pa Nkaya kubwerera kuno ndidasiya kope lakale litapachikidwa pa msomali kuseri kwa kauntala. Loweruka lililonse potseka golosale msuweni wanga uja amayenda kuchokera pachitseko, kenaka nkukwawa kuchokera pomwe padali bowo, nalemba tsiku, nambala ya sensa ndi pomwe kanyali kayakira. Amalume adamulonjeza botolo la Fanta pa mwezi uliwonse womwe sadumphitsa Loweruka.